Nsomba za m'galasi zikafika m'nyanja

Mu 1985, kufupi ndi gombe la Dania Beach ku Florida m'dziko la America, kunaoneka nsomba imene sinkayenera kupezeka kumeneko. Inali ya mizere yofiira ndi yoyera, ya zipsepse zazitali zotambasuka, kumsana kuli minga yaululu. Dzina lake ndi lionfish. Kwawo ndi ku nyanja za Indian ndi Pacific, ndipo panalibe njira yoti n'kusambira yokha mpaka kukafika kumadzulo kwa Atlantic. Inachita kunyamulidwa. Akatswiri ambiri amagwirizana kuti inayenda ulendowu ngati chiweto: inagulidwa m'sitolo, inakhala m'thanki yagalasi m'nyumba ya munthu, kenako tsiku lina mwiniwake anakaisiya m'nyanja.

Kwa zaka zoposa 10 palibe amene anatekeseka nazo. Imodzi apa, ina apo, basi. Koma pofika mu 2000 osambira pansi pa nyanja anayamba kukumana nazo ku North Carolina ndi ku Bermuda. Mu 2004 zinali zitafika ku Bahamas, pofika mu 2010 zinali mbwee m'nyanja ya Caribbean komanso zitalowa ku Gulf of Mexico, ndipo lero zikupezeka mpaka ku Brazil. Amene anayeza DNA ya nsombazi anapeza kuti khamu lonseli linachokera kwa makolo ochepa zedi.

Pali nkhani ina imene anthu amakonda kuibwereza, yoti mphepo yamkuntho yotchedwa Andrew itawomba mu 1992 inaswa thanki ina m'mphepete mwa nyanja, lionfish 6 n'kugwera ku Biscayne Bay. Katswiri amene anayamba kulemba zimenezi anadzanena yekha kuti anangozimva kwa ena, ndipo nsombazi zinali zitaoneka kale zaka 7 mphepoyo isanawombe. Nkhaniyi siifa chifukwa ndi yokoma kumva: mlandu umagwera mphepo. Chomveka kwambiri n'chakuti anali anthu wamba angapo, aliyense ndi ndowa yake, pa masiku osiyana.

Kuopsa kwa lionfish kuli m'mimba mwake ndi m'mazira ake. Imameza pafupifupi chilichonse chokwana m'kamwa mwake, ndipo tinsomba ta ku Atlantic sitiizindikira kuti ndi mdani, motero sitithawa msanga. Yaikazi imodzi imatha kuikira mazira pafupifupi 2 miliyoni pachaka. Minga yake 18 imachititsa nsomba zikuluzikulu kuiona patali. Mu 2008 Mark Albins ndi Mark Hixon a pa yunivesite ya Oregon State anasindikiza zimene anapeza ku Bahamas: pa timatanthwe pamene anaikapo lionfish imodzi yokha, tiana ta nsomba tokhazikika pamenepo tinachepa ndi 79 peresenti m'milungu isanu. Mwa tiana todyedwato muli ta nsomba zimene asodzi amadalira, komanso ta nsomba zodya ndere, zimene zikasowa ndere zimakwirira makorali, tizamoyo timene timapanga matanthwe a pansi pa nyanja. Masiku ano kuli mipikisano yobaya lionfish, malesitilanti ena amaziphika, ndipo pamene osambira amafikapo kawirikawiri zimachepadi. Koma zaonekapo pakuya mamita 300, kumene munthu wa mkondo sangafike. Palibenso amene amakamba zozitheratu.

Si chamoyo chilichonse chachilendo chimene chimalanda malo. Zambiri zikafika kwa eni zimafa ndi kuzizira, njala kapena kudyedwa, zina zimangokhala phee osasokoneza kanthu. Lipoti la mu 2023 la IPBES, bungwe la mayiko loona za zamoyo ndi chilengedwe, linawerenga mitundu yoposa 37,000 ya zamoyo zimene anthu anazisamutsira kumalo achilendo n'kukhazikika, ndipo yoposa 3,500 ndi imene imawononga. Tiyeneranso kunena chilungamo kuti m'nyanja zamchere njira yaikulu si mathanki a m'nyumba. Sitima zikuluzikulu zimanyamula zamoyo m'madzi amene zimatunga kuti zisapendekeke, komanso zomata kunsi kwake. Lionfish za ku Mediterranean nazo zinadzera mu ngalande ya Suez kuchokera ku Red Sea, osati m'sitolo.

Komabe malonda a nsomba zokongoletsa m'nyumba ali ndi mbali yawo yapadera. M'madzi a sitima mumakhala timazira ndi timphutsi, ndipo tambiri timafera m'njira. M'thanki mumatuluka chamoyo chachikulu kale, chodya bwino, chokonzeka kuswana. Kuwonjezera apo, ogulitsa ndi oweta amakonda mitundu yolimba, yosasankha zakudya, yopirira madzi akasintha, chifukwa ndi imene siifa msanga. Makhalidwe amene amachititsa chamoyo kukhala chosavuta kuweta ndi omwewo amene amachithandiza kukhazikika kumene sichinabadwire.

Malondawa ndi aakulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Nsomba za m'madzi opanda mchere zogulitsidwa m'masitolo zambiri zimachokera m'maiwe owetera, koma za m'nyanja yamchere zambiri zimagwidwa m'matanthwe, makamaka ku Philippines ndi ku Indonesia. Msodzi amagulitsa kwa wopikula, wopikula amapititsa kwa wotumiza kunja ku Manila, Jakarta kapena Bali, kumeneko nsomba zimamangidwa m'majumbo a madzi ndi mpweya n'kukwezedwa ndege. Lipoti la nthambi ya United Nations yoona zachilengedwe la mu 2003 linayerekezera kuti nsomba za m'nyanja yamchere 20 mpaka 24 miliyoni zimagulitsidwa chaka chilichonse, kwa oweta pakati pa 1.5 ndi 2 miliyoni. Andrew Rhyne ndi anzake atawerenga mapepala a katundu wolowa ku America m'chaka chimodzi, kuyambira mu 2004 mpaka mu 2005, anapeza mitundu 1,802 ya nsomba. Anachita kuwerenga pepala ndi pepala chifukwa m'kaundula wa boma nsomba zonsezi zinkangolowa pa dzina limodzi, loti nsomba za m'nyanja zotentha. Boma limene silidziwa mitundu imene ikulowa silingadziwenso kuti woopsa ndi uti.

Nkhani imene imaphunzitsa zambiri si ya nsomba n'komwe, koma ya ndere yobiriwira yooneka ngati nthenga, yotchedwa Caulerpa taxifolia. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ogwira ntchito kumalo oonetsera zamoyo a Wilhelma ku Stuttgart m'dziko la Germany anaona kuti mtundu wina wa ndereyi unkakula mokongola, osafota ngakhale madzi azizire. Anagawirako anzawo a malo ena otere, ndipo mbewuyo inafika ku Nancy m'dziko la France ndi ku Monaco. Mu 1984 pansi pa nyanja ya Mediterranean, kumunsi kwenikweni kwa nyumba yoonetsera zam'nyanja ya ku Monaco, panapezeka kachigawo ka ndereyi kokula mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Munthu mmodzi akanatha kukazula tsiku limodzi.

Sanakazule. Pofika mu 1989, pamene Alexandre Meinesz wa pa yunivesite ya Nice anakaona malowo n'kuyamba kuchenjeza, ndereyo inali itakuta pafupifupi hekitala. Zimene zinatsatira ndi mkangano wa zaka zambiri. Akuluakulu a nyumbayo ankakana kuti inachokera kwa iwo, ena ankati ifa yokha ndi chisanu, ena ankati yabwera mwachilengedwe. Kuyeza DNA kunadzaonetsa mu 1998 kuti inali mbewu yomwe ija ya m'mathanki, koma nthawi inali itapita. Ndereyi siifuna njere kuti ifalikire: kachidutswa ka sentimita imodzi kokodwa pa nangula kapena mu ukonde kakagwera kwina kamayambitsa munda watsopano. Ili ndi poizoni amene amachititsa nsomba zambiri kuipewa, ndipo imamera pamchenga, pamwala ndi pamatope pomwe, mpaka kulowerera minda ya udzu wa m'nyanja wotchedwa Posidonia, momwe tinsomba timakulira. Pofika mu 2000 inali itakhudza mahekitala pafupifupi 13,000 m'mayiko 6: Monaco, France, Italy, Spain, Croatia ndi Tunisia. Pambuyo pake inayamba kuchepa yokha m'malo ambiri, ndipo ena amati manyuzipepala anakokomeza. Mwina anakokomezadi. Koma kuchepako sikunali nzeru za munthu, unali mwayi chabe.

Mu June 2000 mbewu yomweyo inatulukira ku California m'dziko la America, m'dziwe lamchere la Agua Hedionda ku Carlsbad, kenako ku Huntington Harbour. Akuganiza kuti wina anakhuthula thanki yake m'madzimo kapena m'ngalande ya madzi a mvula. Apa zinthu zinayenda mosiyana. Osambira amene anaiona ankadziwa za ku Mediterranean, ndipo patangotha masiku 17 ntchito inali itayamba. Anakuta zigawo zonse za ndere ndi malona, n'kutsekera m'mphepete, n'kuthira kolorini pansi pake kuti chilichonse chili mmenemo chife. Kenako anafufuza pansi pa madziwo kwa zaka, mzere ndi mzere. Mu 2006 analengeza kuti yatha. Ndalama zimene zinapita ndi madola pafupifupi 7 miliyoni, pa malo awiri aang'ono otsekeka bwino. Akanakhala gombe lotseguka, ndalama zimenezo sizikanafika patali.

N'chifukwa chiyani munthu amataya chiweto chimene anachigula modula? Nthawi zambiri si nkhanza. Nsomba ina yotchedwa panther grouper imagulitsidwa ili kakang'ono koyera ka mathothomathotho akuda, kotalika ngati chala, koma ikakula imafika masentimita 70 ndipo imameza anzake onse a m'thanki. Ena amasamuka, ena magetsi ndi mchere wothira m'madzi zawakwerera, ena chidwi changowathera. Akabwerera kusitolo amauzidwa kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Kuipha mtima sulola. Ndiye munthu amayang'ana nyanja ili pafupi n'kudziuza kuti akuibwezera kwawo, chonsecho kwawo ndi tsidya lina la dziko. Chifundo chinapha nkhwali. Nsombayo kawirikawiri imafa masiku ochepa, ndipo ikapulumuka, zimafa ndi zimene yazipeza.

Pamenepa ndi pamene maphunziro a ogula amalowera. Ku America ntchito yodziwika kwambiri ndi Habitattitude, imene inayamba mu 2004 mogwirizana pakati pa nthambi ya boma yoona za nsomba ndi nyama zakutchire, bungwe la amalonda a ziweto la PIJAC ndi pulogalamu ya Sea Grant. Uthenga wake unkasindikizidwa pa majumbo onyamulira nsomba ndi pa zikwangwani za m'masitolo, ndipo ndi wosavuta. Chiweto chimene simukuchifunanso bwezani kwa wogulitsa, patsani woweta mnzanu, sukulu kapena malo oonetsera zamoyo, ndipo zonsezi zikakanika funsani dokotala wa ziweto njira yochiphera mosazunza. Ndere ziikeni mufiriji youmitsa kwa maola osachepera 24, muzimange m'jumbo, muzitaye ku zinyalala. Madzi a m'thanki apite m'paipi yopita kumalo oyeretsera zonyansa, osati m'ngalande ya mumsewu, chifukwa m'mizinda yambiri ya kugombe ngalande zimenezo zimathira molunjika m'nyanja. Mfundo yomalizayi ndi imene ambiri saidziwa. Munthu amene sangaganize n'komwe zotaya nsomba yamoyo amatsuka mchenga ndi miyala pabwalo, tizidutswa ta ndere n'kutsetsereka ndi madzi.

Malangizowa ndi abwino, koma pali masamu amene amawafooketsa. Pa nkhani zina, monga kusunga magetsi, anthu 99 mwa 100 akamvera ndiye kuti ntchito yatheka. Pa nkhani iyi ayi. Mwa oweta 2 miliyoni, mmodzi pa 100 alionse ndi anthu 20,000, ndipo nyanja imangofuna yaimuna ndi yaikazi zikumane pamalo ofunda. Ku Florida kwaonekapo mitundu yoposa 30 ya nsomba zachilendo za m'nyanja, yambiri ya iyo yogulitsidwa m'masitolo a ziweto. Pafupifupi yonse sinakhazikike. Koma lionfish inakhazikika, ndipo iyo yokha yakwana kusintha matanthwe a mayiko ambiri.

Vuto lachiwiri ndi mayina. N'zosatheka kupewa chinthu chimene sudziwa kuti uli nacho. Linda Walters wa pa yunivesite ya Central Florida ndi anzake anayesa kugula Caulerpa pa intaneti kwa ogulitsa 90, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2006. Atayeza DNA anapeza mitundu 12, koma ogulitsa amene analemba dzina lolondola anali pafupifupi mmodzi pa 10 alionse. Sikuti onse ankanama. Ndere zimenezi zimasintha maonekedwe malinga ndi kuwala ndi kayendedwe ka madzi, moti ngakhale katswiri amatha kusokonezeka. Gulu lomwelo linagulanso miyala yamoyo, imene ndi zidutswa za matanthwe zochokera m'nyanja zokhala ndi tizamoyo tothandiza kuyeretsa madzi a m'thanki. Pa maoda 30 panatuluka mitundu inayi ya Caulerpa ndi mitundu ina 53 ya zamoyo zimene wogula sanaziitanitse. Woweta aliyense wa nthawi yaitali amazidziwa zimenezi: umagula mwala, patapita mwezi m'thanki mwatulukira nkhanu, nyongolotsi ndi ndere zimene sunazionepo.

Pali chinthu chimodzi chimene chinayenda bwino, ndipo n'chofunika kuona chifukwa chake. Oweta ambiri ankadzala Caulerpa m'kathanki kam'mbali kuti iziyamwa zonyansa za m'madzi. Lero ambiri anasamukira ku ndere ina yotchedwa Chaetomorpha. Kuchenjeza za chilengedwe kunathandizapo, koma chinawakoka kwambiri n'chakuti Caulerpa nthawi zina imayera mwadzidzidzi n'kusungunuka usiku umodzi, madzi onse n'kuda, komanso imamera pamiyala n'kutsamwitsa makorali odula. Chaetomorpha siichita zimenezo. Uphungu unafalikira msanga chifukwa unkateteza thumba la woweta, ndipo unkachokera kwa oweta anzake. Ine ndimaona kuti maphunziro amene amagwira ndi otere: opatsa munthu chinthu china chabwino m'malo mwa choopsacho, osati ongomuuza kuti asachite.

Koma m'magulu a oweta omwewo muli khomo limene sitolo kapena woyang'anira pa bwalo la ndege saliona. Makorali amadulidwa tizidutswa n'kumasinthanitsidwa kapena kutumizidwa pa positi. Amene amagawidwa kwambiri ndi aja okula msanga mpaka kusowetsa mwini mtendere. Mtundu wina wa makorali ofewa wa ku Indonesia, wotchedwa Unomia stolonifera, umakondedwa chifukwa timanja take timatseguka ndi kutsekeka mosalekeza. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 unaikidwa m'nyanja mosaloledwa kugombe la Anzoátegui ku Venezuela, ndipo ofufuza amati anachita zimenezi ndi wamalonda a zam'mathanki. Lero wakuta matanthwe ambiri m'malo otetezedwa a Mochima, ndipo asodzi akudandaula kuti nsomba zachepa. Mu 2020 unapezekanso ku Pearl Harbor ku Hawaii, kumene akukayikira kuti wina anakhuthula thanki. Zonsezi zachitika anthu atamva kale za lionfish ndi Caulerpa.

Ndiye kodi yankho ndi kuletsa? Mayiko ambiri amalemba mndandanda wa zoletsedwa, china chilichonse n'kukhala chololedwa. Kuipa kwake n'kwakuti chamoyo chimalowa pa mndandandawo chitawononga kale. Florida inaletsa kulowetsa lionfish zamoyo mu 2014, patatha zaka 29 chionekereni yoyamba. Australia imachita mosemphanitsa: nsomba imalowa pokhapokha ili pa mndandanda wa zololedwa. Njira imeneyi ndi yotetezeka, koma amalonda ali ndi madandaulo amene si opanda pake. Nsomba ya m'madzi ofunda ili m'nyumba ku Oslo kapena ku Chicago siingakhale ndi moyo kunja, ndiye kuiletsa kumeneko n'kungolanda chakudya pakamwa pa msodzi wa ku Sulawesi. Chiopsezo chili m'malo ofunda oyandikana ndi nyanja, monga Florida, Hawaii, Caribbean ndi Mediterranean imene ikutenthera chaka ndi chaka. Lamulo lokhwima lingathenso kuchititsa munthu wamantha kukataya usiku chimene ali nacho. N'chifukwa chake kuyambira mu 2006 Florida imakonza masiku amene aliyense angabweretse chiweto chachilendo, chololedwa kapena choletsedwa, popanda chilango, ndipo chimapezeredwa mwini watsopano.

Oweta ndi osambira ndiwonso maso a ntchitoyi. Munthu wozolowera nsomba za m'thanki ndi amene amazindikira msanga kuti iyi si ya kuno. Ku Florida bungwe la REEF, nthambi ya boma ya USGS ndi nyumba ya sayansi ya Frost ku Miami amalandira malipoti otere n'kutumiza osambira kukagwira nsombayo yamoyo isanapeze inzake. Kunyoza oweta onse ngati owononga n'kudzitsekera thandizo limeneli.

Ngati pali malo amodzi pamene maphunziro angasinthe zinthu, ndi pa kauntala, ndalama zisanatuluke m'thumba. Pa galasi palembedwe dzina lenileni la sayansi, kukula kumene chamoyocho chidzafike, zimene chimadya, zaka zimene chimakhala, ndi kumene chingabwezedwe. Chomalizachi ndi chimene chimavuta, chifukwa grouper ya theka la mita imafuna thanki, chakudya ndi magetsi, ndipo sitolo yaing'ono siingasunge zonse zimene inagulitsa zaka zisanu zapitazo. Malo oonetsera zamoyo nawo amakana zambiri poopa matenda ndi kuchepa kwa malo. Pokhapokha mtengo wobwezera utalowa m'mtengo wogulira, uthenga woti musataye umasiya munthu ali ndi ndowa m'manja, wopanda kolowera nayo.

California yaona mbali zonse ziwiri. Mu 2001 inaletsa mitundu 9 ya Caulerpa. Ofufuza atayendera masitolo a kum'mwera kwa chigawochi patapita zaka zingapo, anapeza kuti pafupifupi theka ankagulitsabe Caulerpa monga kale, ina ya iyo yoletsedwa, ndipo ogulitsa ambiri sankatha kusiyanitsa yololedwa ndi yoletsedwa. Mu 2021 ku Newport Bay kunamera Caulerpa prolifera, mtundu umene sunali pa mndandanda uja. Mu 2023 aphungu anasiya kusankha mayina n'kuletsa mitundu yonse ya Caulerpa, kuti wogulitsa, wogula ndi woyendera masitolo asamafunikenso kukhala akatswiri a ndere. Chaka chomwecho mtundu womwewo unapezekanso ku San Diego Bay, ndipo osambira anabwerera m'madzi ndi malona.